Zulmira ndi Ubongo wa Njinga Yofiira

Zulmira anabadwira ku Ulongwe, koma nzeru anazidziwira ku Lizulu, mbali ya Malawi, kumene makolo ake anathawirako nkhondo iye ali kumsana. Bambo ake ankakonza mawailesi pakhonde la golosale ina, ndipo popeza ana awo aamuna mitima inali ku mpira, wogwira mawaya bambowo akamawotcherera anali Zulmira. Pamene banjalo linkabwerera kwawo mu 1993, mtsikanayu anali ndi zaka zisanu ndi zinayi komanso zipsera zitatu za chitsulo chamoto pa zala. Chinthu chilichonse chomangidwa ndi masikuluu chinkamuyabwa m'manja. Wotchi ya amalume ake anaiphwasula, tochi ya aphunzitsi anaiphwasula, ndipo zina mwa izo zinabwereradi m'chimake.

Atakula anatsikira ku Tete, kuja dzuwa limawotcha ndi nsapato zomwe, n'kukwatiwa ndi Francisco, dalaivala wa magalimoto akuluakulu. Anamanga ku Matundo, ndipo anabereka mwana mmodzi, Lara, yemwe tsopano ali ku sukulu ya unamwino ku Beira. M'mawa uliwonse Zulmira ankakwera chapa, minibasi ya kumeneko, kuwoloka mlatho wa Zambezi kupita ku kakontena kake m'dera la Samora Machel, kumene ankakonza mafoni. Kusintha galasi losweka ankatha aliyense wokonza mafoni pamzerepo. Iye anatchuka ndi mafoni ozungulira mutu, aja ongoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Ankawalumikiza ku kompyuta, kufufuta zam'kati, kulembamo zatsopano, foni n'kudzuka ngati sinadwalepo.

Francisco anali munthu wofatsa, wosamwa, wosasuta, koma anali ndi nthenda imodzi: njinga zamoto zaliwiro. Kwa zaka zambiri ankangozionera pafoni, akutsanzira kulira kwa injini ndi pakamwa. Ndiye tsiku lina injiniya wina wa ku mgodi ku Moatize, pobwerera kwawo, anagulitsa yake. Francisco anafika nayo pakhomo masana a Loweruka, yofiira ngati tsabola wakupsa, yowerama kutsogolo ngati tambala wofuna ndewu, mwini wake mano onse ali mbee. Anakana kuisiya panja. Anasuntha sofa yekha n'kuilowetsa pabalaza, ndipo Zulmira anamukumbutsa kuti chikwatirane sanasunthepo sofayo n'kamodzi komwe kuti munthu asese.

Chimwemwe chinangokhala sabata ziwiri. Pamzere wa magalimoto a pamlatho njingayo inkatentha mpaka kuwotcha ntchafu, chifukwa kafani koziziritsa injini kankachedwa kuzungulira. Poyenda pang'onopang'ono inkadumphadumpha ngati mbuzi ya pachingwe. Pamsewu wotakasuka, ikangoyamba kukoma, mphamvu inkathera m'malere ngati wina waigwira malaya kumbuyo. Amakanika a ku Matundo anafunafuna kabureta osamupeza. Mmodzi wachikulire ndiye anamuuza zoona, kuti njinga zamakonozi zilibe kasikuluu kopotokola. Cholamula zonse ndi sentralina, kabokosi kakuda ka pansi pa mpando, kamene kamauza injini kuchuluka kwa petulo woti imwe, nthawi yothetheka moto ndi nthawi yoyatsa fani. Njingayo inachokera kudziko kumene ongophunzira kumene kuyendetsa amawachepetsera mphamvu ya njinga, ndipo malirewo analembedwa m'kabokosimo. Wodziwa kuwachotsa, mkuluyo anatero, akamufunefune ku Maputo kapena ku Joni.

Francisco anafotokoza zimenezi pachakudya chamasana, nkhope ili khuma ngati wobwera ku maliro. Zulmira anasiya nsomba ya pende m'mbale n'kufunsa ngati kabokosiko kamalumikizika ku kompyuta. Atamva kuti inde, maso ake anawala mwa mtundu umene mwamuna wake ankauopa.

"Bambo a Lara, ndiye kuti chinthu chanuchi ndi foni ya matayala basi."

Francisco anakanitsitsa. Anati foni ikafa munthu amagula ina pamsika, koma njinga ngati iyi imabwera kamodzi pa moyo wa munthu. Zulmira sanatsutse. Anangopita kwa Geoffrey, dalaivala wa ku Mwanza amene ankadutsa ku Tete paulendo wa ku Joni, n'kumutuma chingwe cholumikizira ndi pulogalamu yake. Mwezi wathunthu anakhala akuwerenga m'kontenamo makasitomala akachepa. Anapeza kuti m'kabokosimo muli matebulo a manambala, mbali ina kusonyeza mmene dzanja lapotokolera chogwirira cha moto, mbali ina liwiro la injini, ndipo nambala iliyonse ndi muyezo wa petulo. Petulo akachepa injini imatentha mpaka kusungunula zam'kati, akachuluka imatsamwa n'kumafuka utsi. Zinthuzi zikamulowa m'mutu ankaseka yekha pamaso pa kompyuta, akuwomba m'manja, moti amayi ogulitsa mandasi pafupipo anayamba kunong'onezana kuti Dona Zulmira wapeza chibwenzi cha pa intaneti.

Amene anagonjetsa Francisco sanali mkazi wake ayi, koma kondakitala wa chapa. Njinga itamuzimira pakati pa mlatho, kondakitalayo anatulutsa mutu pawindo n'kumufunsa mwaulemu ngati angakonde chingwe chokokera. Anthu onse m'chapamo anafa ndi phwete. Atafika kunyumba, Francisco anaika makiyi patebulo pamaso pa Zulmira.

Ntchito inagwiridwa Lamulungu m'mawa, pakhonde. Zulmira anavula mpando wa njinga, kulumikiza chingwe, n'kuyamba wakopera zonse zimene zinali m'kabokosimo, kuzisunga malo atatu osiyana. Kenako anasintha zinthu zitatu zokha: fani iziyamba msanga, petulo wa poyenda pang'onopang'ono asalale, malire aja achoke. Francisco ankazungulira khonde ngati nkhuku yofuna kuikira. Anali ataitana kale anzake kuti madzulo adzaone zodabwitsa. Zulmira anadina batani, kamzere kobiriwira n'kuyamba kukwawa pagalasi. Katafika pakati, magetsi anathima, ndipo kompyuta ija, imene batire lake linafa kalekale, inazima nawo limodzi.

Zulmira anatembenuza kiyi. Kapampu ka petulo, kamene kamalira kaye njinga isanalizidwe, kanangoti zii. Sentralina inali itafufutidwa zakale, zatsopano zisanathe kulowa. Francisco anakhala pansi pa simenti. Zulmira, chifukwa cha mantha, anayamba kuseka, ndipo analephera kusiya. Ankati akayang'ana nkhope ya mwamuna wake, phwete n'kuyambiranso, misozi ili chuchuchu, akupepesa uku akuseka.

Anzake aja atafika, anapeza njinga itafunditsidwa chitenje. Francisco, munthu amene sankadziwa kunama, anawauza ndi nkhope yowuma kuti pulogalamu yatsopano imafuna masiku atatu kuti ikhazikike, monga mmene thobwa limachitira. Onse anagwedeza mitu. Mmodzi anawonjezera kuti nayenso anamvapo zimenezo, ndipo Zulmira anathawira kukhitchini n'kuluma chitenje chake kuti asamveke akuseka.

Lolemba ananyamula kabokosiko kupita nako ku kontena. Pachingwe sikankayankha, choncho panatsala njira imodzi, yomwe ankachitira mafoni okanika: kukatsegula n'kulankhula ndi kachipangizo kam'kati mwachindunji. Kanali komatidwa ndi guluu wolimba, ndipo anatha tsiku lonse akukawotha pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha, akukanula ndi kampeni. Lachiwiri, atavala galasi lokulitsa zinthu, anapeza timadontho ta mkuwa tating'ono ngati mazira a nsabwe, n'kuwotchererapo timawaya towonda ngati tsitsi. Ulendo uno za magetsi a pakhoma sanazifunenso. Anabwereka kompyuta ya Geoffrey ya batire lamoyo, kabokosiko n'kukapatsa mphamvu kuchokera ku batire la galimoto. Anabwezeramo kaye zakale zija anasungazo, kenako zatsopano, ndipo kamzere kobiriwira kanakwawa mpaka kumapeto. Zulmira anatuluka m'kontenamo n'kuvina pamsewu, a mandasi aja n'kutsimikiza kuti chibwenzi chija chatumiza mphete.

Lachitatu masana anatseka msanga. M'chapa anakumbatira kachikwama kake ngati muli khanda, ndipo munthu atamugunda pang'ono anamuyang'ana diso loti sanagundenso. Kunyumba anapeza Francisco atakhala pambali pa njinga yofunda chitenje ija, wosameta ndevu masiku atatu. Zulmira anabwezera kabokosi pamalo pake n'kumuuza kuti atembenuze yekha kiyi. Kapampu kanalira. Injini inadzuka ndi mkokomo wosalala, wakuya, nkhuku za aneba n'kubalalika. Francisco anavala chisoti n'kutuluka osavala n'komwe nsapato zoyenera, ndipo Zulmira anamubweza pageti kuti akavale.

Francisco anabwerako patapita kanthawi. Atavula chisoti ankangopukusa mutu n'kumaseka ngati mwana.

"Mai a Lara, kwerani. Izi sizofotokoza ndi pakamwa."

Zulmira anali asanakwerepo njingayo. Anavala buluku la mwamuna wake ndi chisoti chachiwiri n'kukhala pakampando kakumbuyo kaja, kokwera ngati chulu. Pamlatho anapeza mzere wa masiku onse, koma njinga inkayenda myaa osadumpha, ndipo fani itayamba kuzungulira panthawi yake Zulmira anamenya phewa la Francisco kuti amvetsere. Anadutsa m'tauni n'kulowa msewu wa ku Changara. Nyumba zitatha, milambe yokhayokha itayamba, msewu uli see, Francisco anapotokola dzanja.

Njinga inalumphira kutsogolo, Zulmira n'kukakamira mwamuna wake m'chiuno. Milambe inkabwera n'kudutsa isanaoneke bwino. Anakuwa m'chisotimo, kukuwako n'kusanduka kuseka, ndipo anayamba kumenya msana wa mwamuna wake ndi zibakera. Francisco anaganiza kuti mkazi wake wachita mantha, n'kuchepetsa liwiro, koma anamva mawu kumbuyo akumufunsa kuti walekeranji. Anaima pamene amayi ena ankagulitsa masau m'mphepete mwa msewu. Zulmira anatsika n'kukhala pamwala, akusekabe. Atatafuna masau awiri atatu anauza Francisco kuti pakatikati, injini isanafike pokwiya, pali pamene ikuchita ngati yazengereza, ndipo pamenepo pakufunika kuwonjezera petulo pang'ono. Francisco, amene sanamve kalikonse kolakwika, anangomuyang'ana pakamwa pali yasa, amayi a masau aja n'kufunsa bamboyo ngati ali bwino.

Mbiri inayenda msanga. Pasanathe miyezi iwiri, pakontena paja panayamba kuima njinga za ku Moatize, za m'dera la Filipe Samuel Magaia mu Tete momwemo, ina mpaka yochokera ku Blantyre. Zulmira analembetsa mawu akuti sentralina pachikwangwani, pansi pa chithunzi cha foni. Koma si onse amene amathandizidwa. Asanagwire chingwe amayamba wagwada n'kuyang'ana mabuleki ndi matayala, ndipo wobwera wopanda chisoti amabwezedwa ndi mawu okoma. Amati mphamvu n'zosavuta kuwonjezera, koma iye safuna kudzakumana ndi mayi a munthu ku chipatala. Ena amachoka akung'ung'udza, mawa lake n'kubwera ndi matayala atsopano.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, Zulmira anakalembetsa sukulu yoyendetsa, n'kutenga chiphaso cha njinga yamoto ulendo woyamba womwewo. Francisco atapita ku Beira ndi katundu, anabwerako n'kupeza magalasi a njinga atapendeketsedwa molingana ndi msinkhu wa munthu wamfupi. Anadandaula masiku awiri, kenako anagwirizana zosinthana. Masiku amene iye akunyamuka ulendo wautali, Zulmira ndiye amamuperekeza kuntchito, mkazi kutsogolo, mwamuna pakampando kachulu kaja atagwira m'chiuno, chikwama chili kumsana. Madalaivala anzake amamuseka pageti. Francisco amatsika mosafulumira, kuvula chisoti, n'kuwafunsa kuti mwa iwo ndani anafikapo kuntchito msanga chotere.