Ulendo wa Fyness Umene Anayenda Abson

Ku Palabana mukafunsa za mkaka wa kwa Sakala, aliyense akulozerani nyumba yamalata imene ili kuseri kwa tchalitchi. Mwini nyumbayo, Abson Sakala, anafika kuno kuchokera ku Katete ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atanyamula chikwama cha zida za ukalipentala. Anakhoma madenga ambiri m'derali, kenako anakwatira Fyness, mwana wa mlimi wa konkuno, ndipo anabereka ana atatu, woyamba Wendy. Abson ndi munthu wansangala, wodziwa kulankhula pagulu. Pamaliro ndiye amapatsidwa ntchito yowerenga mbiri ya malemu, chifukwa mawu ake amamveka mpaka kumene amayi akuphika.

Koma ng'ombe zinabwera ndi Fyness. Atate ake anamupatsa thadzi limodzi pa ukwati, ndipo m'zaka khumi ndi zisanu iye analichulukitsa mpaka zinakwana zisanu ndi ziwiri. Ndiye ankamweta udzu, kusakaniza madeya, kukama, ndi kukwera njinga ndi zigubu ziwiri kupita kumene kopaletivu imalandirira mkaka. Ng'ombe ikayamba kudwala, iye ankadziwa pongoona mmene yagwetsera makutu. Abson anamanga khola, ndipo analimanga bwino ndithu, koma dzanja lake linathera pamenepo. Komabe m'buku la kopaletivu munalembedwa dzina lake, chifukwa tsiku lolembetsa anafunsa za mutu wa banja.

Chaka china kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza alimi. Anayendera makola ambiri m'boma la Chongwe, ndipo patapita miyezi iwiri wapampando wa kopaletivu, bambo Clement, anafika ndi kalata. Alimi awiri anasankhidwa kuti akaphunzire za ulimi wa mkaka ku South Korea kwa masabata atatu. Mmodzi anali mayi Lillian wa ku Kanakantapa, wina anali wa khola la kwa Sakala.

Fyness anatuluka m'khola akupukuta manja pachitenje.

"Alemba dzina la ndani?" anafunsa.

"Alemba la ba Sakala, monga zilili m'buku," anatero Clement. Kenako anayang'ana Abson. "Koma ngati mufuna tisinthe, nthawi ikalipo. Pasipoti sichedwa masiku ano."

Abson sanalole kuti mawuwo afike pansi. "Nanga ng'ombe azikama ndani masabata atatu? Ndiponso kumeneko zonse n'Chizungu. Amake Wendy angakavutike."

Zonsezi zinali zoona pang'ono, ndipo n'chifukwa chake zinatuluka mosavuta. Zimene sananene n'zakuti kuyambira ali mwana ku Katete ankalakalaka kukwera ndege. Fyness anangoti, "Oho," n'kubwerera m'khola. Sabata yonyamuka anamusitira malaya asanu, n'kumukazingira nshawa zapaulendo.

Kumaphunziro kuja zinthu zinaoneka msanga. Mphunzitsi anafunsa Abson kuti ng'ombe zake amasiya kuzikama patatsala masiku angati kuti zibereke, iye anangomwetulira n'kunena kuti zimatengera. Pa nthawi yopuma analembera Fyness pafoni, yankho linabwera, ndipo masana anaimika dzanja n'kulinena ngati lake. Chinakhala chizolowezi. Tsiku lina anafotokozera gulu lonse mmene amazindikirira matenda otupitsa bere asanakule, pokamira madontho oyamba pa mbale yakuda kuti aone ngati mkaka uli ndi timibulu. Alimi a mayiko asanu ndi limodzi anamuombera m'manja. Lillian, amene ankamudziwa Fyness kuchokera ku zionetsero za alimi ku Chongwe, anaomba kawiri kokha n'kupinda manja.

Loweruka lomaliza anawatenga kukaona mzinda wa Seoul. Pakati pa mzindawo pali phiri la mitengo yambiri, ndipo pamwamba pake pali nsanja yaitali imene imaonekera kulikonse. Anakwera phirilo m'kabasi kolendewera pachingwe chachitsulo. Abson anagwira chitsulo ndi manja awiri, mitengo ikudutsa pansi pa mapazi ake.

Pamwamba panali zochita zambiri. Ena ankajambulitsa, ena ankadya, ena ankalemba makalata n'kuponya m'bokosi lapomwepo. Mipanda yonse inali yodzaza ndi maloko amitundumitundu, ena atachita dzimbiri, ena atsopano. Mtsikana wowatsogolera anafotokoza kuti okondana amalemba mayina awo paloko, n'kuikhoma pampanda kuti chikondi chawo chisamasuke. Abson anakondwa nazo. Anagula loko yofiira, n'kulembapo dzina lake ndi la Fyness, ndipo anapempha Lillian kuti amujambule akuikhoma.

Lillian anamujambula, n'kumubwezera foni.

"Ba Sakala, dzina la akazi anu lafika ku Korea," anatero mofatsa. "Mwini wake ndiye anatsala."

Abson anaseka chifukwa panalibe china chochita.

Analowa m'chikepe chimene chinawafikitsa pamwamba pa nsanja. Kumeneko chipinda chonse n'chozungulira, makoma ake ndi magalasi, ndipo munthu amayenda n'kubwerera pamene anayambira ataona mzinda mbali zonse. Nyumba zazitali zinkaoneka ngati njerwa zoimikidwa kuti ziume. Mtsinje waukulu unadula mzinda pakati, milatho ili ndandanda. Anzake anathamangira ku zipangizo zoonera kutali. Abson anaima pagalasi yekha. Anakumbukira kuti Fyness, pobwerera kokamweta udzu, amakonda kuima pakachulu kakuseri kwa munda wawo n'kumayang'ana ndege zikutsika kulowera ku bwalo la ndege la Lusaka. Ankaziyang'ana mpaka zitabisika, mtolo uli pamutu. Zaka zonsezi iye ankamuona akuchita zimenezi, ndipo sanamufunsepo kuti amaganiza chiyani.

Inali 2 koloko masana, kutanthauza kuti kwawo inali 7 koloko m'mawa. Anaimba foni yoonana nkhope. Fyness anayankha ali pamsewu wafumbi, njinga ataitsamiritsa m'chiuno, thukuta lili pamphumi.

"Atate a Wendy, kuli bwanji? Afunsanso chani?"

"Sanafunse kanthu. Nili pamwamba pa phiri, m'nsanja. Nifuna uone."

"Chotsani nkhope yanu, niiziwa. Nionetseni mzinda."

Anatembenuza foni n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa galasi.

"Pang'onopang'ono," anatero Fyness. "Bwererani paja pali madzi. Uja ni mtsinje?"

"Ni mtsinje."

"Ukulu wake. Nanga ng'ombe zawo amasungira kuti, popeza paliponse ni nyumba?"

"Kutali, kunja kwa mzinda. Tinapitako."

"Makola awo pansi amaikapo chani? Ndowe amachotsa bwanji?"

Abson anali atapitadi ku makolawo, koma maso ake anali pa denga, mmene anthu aja analumikizira zitsulo. Fyness anadikira pang'ono, kenako anati, "Basi, mukaniuza mukabwera. Mkaka ungawawase, dzuwa lakwera." Foni inaduka.

Anakhala pabenchi mpaka anzake atamaliza kuzungulira. Potsika m'kabasi kaja sanagwire n'chitsulo chomwe.

Atabwerera, kopaletivu inaitanitsa msonkhano kuti afotokoze zimene anaphunzira. Anthu anadzaza pansi pa mtengo, podziwa kuti Abson akalankhula sagonetsa. Iye anaimirira ndi kope lake la maphunziro aja, n'kulitsegula, n'kulitsekanso.

"Abale, ulendo uja sunali wanga," anatero. "Ng'ombe zija ni za amake Wendy. Zimene ninayankha kumeneko ni iwo ananiuza pafoni. Ba Clement ananipatsa mpata wosintha dzina, ine ninakana. Nipempha kuti m'buku mufute dzina langa, mulembe lawo."

Amuna ena anayang'ana pansi, ena anaseka chamumtima, ndipo mayi wina wachikulire kumbuyo anati, "Tinali kudziwa kale." Fyness anakhala pamphasa ndi amayi anzake, akuthothola ulusi pachitenje chake. Panjira yobwerera kunyumba anangonena kamodzi kuti, "Mukananiuza kunyumba poyamba, osati pa anthu." Abson anazindikira kuti ngakhale kulapa kwake anakuchita mwa njira imene iye amaikonda, ya pagulu.

Dzina linasinthidwa. Bungwe lija silinabwerenso, ntchito yake m'boma muno inatha chaka chomwecho, ndipo mpaka lero palibe mlimi wina wa ku Palabana amene waitanidwa kunja. Chaka chotsatira Fyness anachita maphunziro a sabata imodzi pasukulu ya za mkaka ya pomwepa, ulendo wa mphindi makumi awiri panjinga. Sabata imeneyo Abson ndiye anakama. Ng'ombe ina inamuponda chala mpaka chikhadabo chinachoka, ndipo mkaka unachepa ndi theka, chifukwa ng'ombe sizinazolowere manja ake.

Tsopano Abson ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Amakhomabe madenga, koma m'mawa ndiye amapalasa njinga ya zigubu, ndipo waphunzira kumweta udzu popanda kudzicheka. Anthu akamufunsa za ku Korea amayankha mwachidule n'kusintha nkhani, chinthu chimene omudziwa amadabwa nacho. Kope la maphunziro lija Fyness analitenga. Amaliwerenga masana akapeza mpata, Wendy akumumasulira mawu ovuta, ndipo pamene mwamuna wake analemba mosamveka amamuitana.

"Apa munafuna kulemba chani?"

Abson amayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Nthawi zina amakumbukira, koma kawirikawiri amangoti, "Sin'namvetsetse tsiku limenelo." Fyness amaika chizindikiro ndi pensulo pambali pake n'kupitiriza tsamba lotsatira.