Makanika Amakhala Kumbuyo

Mayi Sellah Zikhale amakonza njinga zamoto ku Old Town, m'kashedi ka malata kuseri kwa mashopu. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amuna awo, a Ackson, omwe mayiyo anakhala akuwapatsira masipanala kwa zaka khumi ndi ziwiri. Bamboyo atamwalira, abale anati zitsulo zigulitsidwe, mayiyo abwerere kumudzi ku Mitundu. Koma patatha milungu itatu mayiyo anatsegulanso shedi.

Poyamba a kabaza ankangowadutsa. Kenako mmodzi anayesa, nakauza anzake, ntchito n'kuyamba kubwera. Masana pamakhala phokoso, koma Mayi Zikhale akaweruka amapita ku Area 9, komwe amakhala okha m'kanyumba ka antchito kumbuyo kwa nyumba yaikulu yomwe eni ake ali kunja. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Mzuzu. Wamwamuna ali ku Joni, ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo.

Lachitatu lina pashedipo panaima njinga yaikulu yakuda. Woyendetsa atavula chisoti, a kabaza onse anatembenuka: anali mtsikana, Lisa, wogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre. Mabuleki ake ankalira. Mayi Zikhale akukonza, iye anangoima n'kumawayang'ana m'manja.

"Amayi, ife tili ndi gulu la azimayi okwera njinga," anatero. "Loweruka tikupita ku Nkhotakota, kudzera ku Salima. Tikufuna makanika, koma wamkazi. Mungatiperekeze?"

"Kanjinga kanga n'kokalamba, mwanangu. Ndikakuchedwetsani."

"Musadandaule. Makanika amakhala kumbuyo."

Loweruka m'mawa anakumana pomwetsera mafuta ku City Centre. Analipo azimayi asanu ndi anayi, onse m'majekete ofanana. Mayi Zikhale anavala ovolosi ya amuna awo, yopinda m'miyendo, atamanga bokosi la zitsulo pakaliyala. Azimayiwo anawalonjera mwaulemu, mmodzimmodzi, kenako n'kubwerera ku nkhani zawo za m'Chingerezi.

Anatsetsereka mapiri a ku Dowa mpweya ukadali wozizira. Pofika ku Salima kunali kutatentha, ndipo anakhotera kumpoto. Uku kunali milambe, migwalangwa, minda ya mpunga ndi timilatho topapatiza todutsa galimoto imodzi. Pakati pa mitengo, kudzanja lamanja, kunatulukira madzi ambirimbiri ofika mpaka kumene maso amalekezera. Mayi Zikhale, pa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, anali asanaionepo nyanja.

"Taonani!" anafuula.

Mawuwo anangothera m'chisoti. Anzawo anali patsogolo kwambiri, ngati timadontho pamsewu.

Atayenda pang'ono anapeza mmodzi wa gululo ataima m'mbali, tcheni chitaguluka. Anali Rahima wa ku Area 14, wogulitsa mankhwala m'famase, yemwe anali atangophunzira kumene kukwera.

"Andisiya onse," anatero.

"Sanakuoneni, achemwali. Munthu ali panjinga saona za kumbuyo. Gwirani apa."

Anagwada onse awiri pafumbi. Tcheni chikubwerera m'malo mwake, Rahima anayamba kulankhula osafunsidwa. Anati njingayo anaigula banja litatha, kuti azikhala ndi chifukwa chotulukira m'nyumba Loweruka. Anati nyumbayo ili ndi zipinda zinayi, ndipo iye amagona pabalaza, wailesi ili chiyatsire.

"Inenso yanga sindizimitsa," anatero Mayi Zikhale.

Anaseka onse. Mtunda wotsalawo anayenda moyandikana, pang'onopang'ono, ndipo nyanja ikaonekera Rahima ankaloza ndi dzanja, iwo n'kugwedeza mutu.

Pamalo odyera ku Nkhotakota gulu linawalandira ndi nthungululu. Rahima anakokedwa kukajambulitsa. Mayi Zikhale anapatsidwa mpando kumapeto kwa tebulo ndi mbale ya chambo ndi tchipisi. Palibe anawanyoza. Lisa anabwera kawiri kudzafunsa ngati akhuta. Koma nkhani zinali za mabwana a kuofesi ndi sukulu za ana, ndipo iwo analibe pogwira. Atatha kudya anatuluka kukayesa mpweya wa matayala onse, ngakhale panalibe yemwe anawatuma. Kenako anavula nsapato, n'kukaima m'madzi ofika m'akakolo, dzuwa lili paliwombo, mpaka anamva mainjini akulira.

Atabwerera ku Lilongwe, Lisa anawaika pagulu la pafoni. Mauthenga amabwera ambiri, ndipo iwo amangoyang'ana zithunzi. Pa chimodzi akuonekamo chakumbuyo, atawerama pa tayala.

Rahima anabwera kushedi kawiri, njinga yake ilibe vuto lililonse. Ankakhala pachigubu, n'kumacheza mpaka a kabaza kuyamba kudandaula. Ulendo wachiwiriwo anawauza kuti kuntchito amusamutsira ku Blantyre kumapeto kwa mwezi.

"Ndizikuimbirani, amayi."

"Muzikumbukira kuthira oyilo patcheni," anayankha Mayi Zikhale. "Musamadikire kuti chilire."

Rahima anaimbadi kamodzi, pa Khirisimasi. Gulu lija likukonza ulendo wina wa ku Nkhata Bay mwezi wa Juni, ndipo Mayi Zikhale avomera kale kupita. Sabata yatha anasintha tayala lakumbuyo la kanjinga kawo.