Mkamwini Amene Anakana Khirisimasi

Amuna anga ankabwera kuchokera ku Dwangwa kumayambiriro kwa Disembala, ntchito yodula nzimbe ikatha. Ankatsika minibasi kumsewu n'kukwera kabaza mpaka kwathu kwa Malenga Chanzi, atanyamula shuga, sopo ndi chitenje cha amayi anga. Tinali pachikamwini. Nyumba yathu inali kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo pakati pathu panali mtengo wa mango basi. Chaka chimene ndikunenachi shuga anabwera naye, chitenje anabwera nacho, koma atamva kuti mwana wathu wamkazi, amene anali mu Sitandade 2, wasankhidwa kukhala mngelo pa sewero la kutchalitchi, nkhope yawo sinasinthe. Anangoti, "Tikambirana."

Tinakambirana mawa lake ine ndikutsuka mbale. Anati kumalayini, nyumba za antchito a esiteti ya nzimbe kumene ankagona, anali ndi mnzawo wa kumpoto, wopemphera mpingo wina waung'ono wosonkhana m'kalasi, ndipo ndi amene anawatsegula maso. Anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa mlaliki wina wolankhula Chingerezi, iwo n'kumandimasulira. Malemba, anatero, satchula tsiku limene Ambuye anabadwa. Tsiku limene timakondwerali linali la Aroma akale opembedza dzuwa. Kwawoko nyengo imeneyo dzuwa limaoneka lofooka, ndiye likayamba kubwerera mphamvu ankachita phwando, kumwa, kupatsana mphatso ndi kukongoletsa nyumba ndi masamba obiriwira. Mafumu awo atalowa Chikhristu anangochotsapo dzina la dzuwa n'kuikapo la Mwana wa Mulungu.

"Ndiye mwana wanga savala mapiko pa phwando la dzuwa," anatero. "Ndipo nyama ya tsikulo isalowe m'nyumba muno."

"Nanga amayi ndikawauza chiyani? Mbuzi ija akhala akuisunga kuyambira pokolola."

"Mukawauze zoona."

Kwathu mkamwini sakangana ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amapatuka. Choncho mawu onse a mkanganowo anadzera mwa ine, kuchoka khomo ili kupita khomo ilo.

Amayi ndinawapeza akupeta mpunga. Chimwalirireni abambo, Khirisimasi ndiye linali tsiku lokha limene ana awo onse tinkakumana, ena kuchokera ku Lilongwe, ena ku Salima. Anandimvetsera lichero lili m'manja, osasiya kupeta.

"Kawafunse akamwiniwo," anatero nditamaliza, "akamapemphera amaitana ndani. Ngati amati Chauta, kawafunse dzinalo linachokera kuti. Agogo anga ankalitchula pothira nsembe ya ufa pansi pa mpoza, amishoni asanafike kuno. Ng'oma imene timaimba m'tchalitchi lero, kale munthu ankadulidwa nayo mumpingo. Zimenezo azisiye kaye, kenako abwere ku mbuzi yanga."

Mawuwo ndinawafewetsa panjira, komabe anafika. Amuna anga sanapse mtima. Anati dzina ndi chilankhulo chabe, munthu aliyense amaitana Mulungu ndi mawu a kwawo, pamene phwando ndi chipembedzo. Yankholo ndinakalibweza kwa amayi. Kuyambira tsiku limenelo mbale ya ndiwo imene inkachoka kwawo masana aliwonse inasiya kubwera, ndipo ana anga ankati akasewera pansi pa mango ankalankhula monong'ona.

Diresi loyera la mngelo anasoketsa ndi amayi, kwa telala wa ku Boma. Mwanayo ankaliyesa tsiku lililonse, n'kumabwereza mawu ake a m'sewero kuseri kwa bafa kuti bambo ake asamve. Tsiku lina pobwera kumjigo ndinapeza diresilo palibe pa msomali. Linali m'chikwama chimene amuna anga ankapita nacho ku esiteti, chokhoma ndi loko. Mwana sanalire pamaso pawo. Anakalirira kwa agogo ake.

Sindinkadziwa poima. Zimene amuna anga ananena zija zinkandivutitsa, chifukwa ndinafufuza ndekha m'malemba ndipo tsikulo sindinalipezedi. Komanso ine m'moyo wanga wonse sindinagwadirepo dzuwa, ndipo ndikamaimba m'kwaya m'mawa wa Khirisimasi ndinkadziwa bwino amene ndikumuimbira. Ndinawauza zimenezi. Anayankha kuti munthu akhoza kumwa madzi oipa osadziwa, koma akauzidwa n'kumwabe, mlandu ndi wake.

Abale anga atafika zinthu zinaipiraipira. Achimwene anga aakulu, amene amayendetsa lole ku Lilongwe, ndi munthu wosachedwa kupsa mtima. Anamva nkhaniyo asanavule n'komwe nsapato, n'kunena mokweza, mwadala kuti zimveke kuseri, kuti mkamwini ndi mlendo ndipo mlendo sakhoma chikwama pamudzi pa eni ake. Madzulo ake kunabwera bambo wina wachisilamu woyandikana nafe kudzachinja mbuzi, kuipha mwachisilamu, monga ankachitira chaka chilichonse kuti a kwawo adye nafe, popeza nawonso ankatitumizira mpunga ndi nyama pa Idi. Pochoka anaima pakhomo pathu kuti apereke moni. Amuna anga anayankha bwinobwino koma sanatuluke.

M'mawa wa Khirisimasi, anthu atayamba kudutsa atavala zatsopano, amuna anga anatuluka ndi kabudula wogwirira ntchito, khasu lili paphewa. Njira ya kudambo, kumene kunali munda wa mpunga wa amayi, ndi yomweyo yopita kutchalitchi. Achimwene anali pakhonde la amayi akupukuta nsapato. Anaimirira n'kukatsekereza njira.

"Mukupita kuti, alamu?"

"Kumunda kwa amayi anu. Mbande zafika powokera."

"Lero? Mudzi wonse ukuona? Mukufuna anthu azinena kuti pabanja pano timagwiritsa mkamwini ntchito pa Khirisimasi?"

"Kwa ine lero ndi tsiku ngati lina lililonse."

"Bweretsani kaye diresi la mwana."

"Mwanayo ndi wanga."

"Mwanayo ndi wa pamudzi pano. Ine ndine malume ake."

Amuna anga anatsitsa khasu paphewa n'kuligwira ndi manja awiri. Sindikhulupirira kuti akanamenya nalo munthu, koma achimwene anakunga zibakera, ndipo anthu odutsa anayamba kuima. Ndinathamanga n'kukaima pakati pawo. Kumbuyo kwanga ndinkamva kupuma kwa amuna anga. Mwana uja anali atagwira tsinde la mango, atavala kale mapiko ake a katoni pamwamba pa diresi lakale.

Kenako amayi anatuluka. Chikwatiwireni changa ndinali ndisanawaonepo akulankhula ndi amuna anga popanda wina wapakati. Anayenda mpaka pafupi, n'kukhala pansi chammbali, nkhope atalozetsa kwina.

"Apongozi," anatero motsitsa mawu, "pitani kudambo. Palibe amene akugwireni, ndipo iwe choka panjirapo. Za Mulungu wanu sindingakuweruzeni. Koma diresi lili m'chikwama chanu ndinasoketsa ndine. Ndikupempha chinthu changa."

Achimwene anasuntha monyinyirika. Amuna anga anaika khasu pansi. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi, n'kumuika pamwala m'mphepete mwa njira. Sanayang'ane aliyense. Ananyamula khasu n'kudutsa pakati pa anthu ovala zoyera, ndipo anthuwo anawapatukira.

Sewero linachitika. Mwana wanga anaima pa benchi kutsogolo kwa abusa a nkhosa, anakweza manja, koma mawu onse anawaiwala. Maso ake anali kukhomo. Mphunzitsi wa Sande sukulu anachita kumunong'oneza chiganizo ndi chiganizo, ndipo anthu anaomba m'manja pomuchitira chifundo.

Masana, anzanga akugawa mpunga ndi nyama, ndinabwerera kukhitchini kwanga. Ndinaphika chinangwa, ndinakazinga usipa, n'kupita nazo kudambo. M'dambo monse munalibe munthu wina koma iwo okha, madzi ali m'maondo, akuwokera mbande mzere ndi mzere. Atandiona anatuluka n'kukhala pa mgula.

"Wavala?"

"Wavala."

"Inu mwaimba?"

"Ndaimba."

Anayang'ana m'mbale, n'kufunsa mphika umene ndaphikira. Nditawauza kuti ndi wathu wa masiku onse, anasamba m'manja n'kuyamba kudya.

"Sindidana ndi amayi anu," anatero. "Ndikuopa Mulungu. Ndikadzafunsidwa kuti unamva koma unachitanji, ndidzayankha chiyani?"

"Inenso ndimamuopa," ndinatero. "Koma mwana uja lero amaopa inu."

Anasiya chinangwa chatheka m'mbale n'kubwerera m'madzi. Ndinakwinya chitenje n'kuwatsatira, ndipo tinawokera limodzi mpaka mitambo ya mvula itakwera kuchokera kunyanja.

Chaka chatsopano chitadutsa, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi. Nkhani inatenga tsiku lonse, ndipo panali nthawi imene atsibweni a amuna anga ananena zoti angowatenga amuna angawo abwerere kwawo. Potsiriza anagwirizana kuti nyama ya phwando isamalowe m'nyumba mwathu, komanso kuti amuna anga asaletse ine kapena ana kupita kutchalitchi, ndipo ana adzasankha okha akadzakula. Palibe amene anachokapo wokondwa. Achimwene anatha zaka osagona pamudzi akabwera. Pa Pasaka mkangano unatsala pang'ono kubukanso, koma nthawi imeneyo amuna anga anali akukonzekera kubwerera ku nzimbe, ndipo ananyamuka msanga.

Amayi anamwalira ali pamtendere ndi mkamwini wawo, ngakhale nkhaniyo sanaikambenso. Ana anga aamuna amapemphera ndi ine mpaka lero. Wamkazi uja atamaliza Folomu 4 anandiuza kuti wawerenga yekha, waganiza yekha, ndipo akufuna kukabatizidwa kumpingo wa bambo ake. Ndinamufunsa ngati wina wamukakamiza. Anati ayi. Tsiku la ubatizo ndinapita, ndinaima m'mbali mwa madzi pamodzi ndi azimayi a mpingo wawo, ndipo nyimbo zimene ndinkazidziwa ndinaimba nawo.