Petronela Amagawa Mapoyinti Pakati

Petronela ndi telala wa ku Zingwangwa, amasoka pakhonde la golosale kuseri kwa msika. Kwawo ndi ku Nsanje. Sanakwatiwe, ndipo musamufunse chifukwa, akuyang'anani mpaka muchita manyazi nokha. Ntchito ikachepa amaphimba mashini ndi chitenje n'kutulutsa foni yosweka galasi. M'menemo muli gemu ya pa intaneti, ya tianthu tomenyana ndi zilombo. Mayi wamkulu ndithu, koma ndi zimenezo.

Gemuyo anamuphunzitsa ndi mchimwene wake Dominiko asanapite ku Joni. Dominiko anatenga kamunthu kankhondo, kalupanga. Petronela anatenga kochiritsa, kandodo, kongoyenda kumbuyo. Chilombo chikamuluma Dominiko, kamzere ka moyo kakamatsika, Petronela amadina, kamzere n'kudzazanso. Ntchito yake inali imeneyo basi.

"Achemwali, mwagona? Ndikufatu kuno!" ankalemba Dominiko ali ku Joniko.

"Ifani. Mukuthamangira kuti ngati minibasi ya ku Limbe?"

Kuimbirana sankaimbirana kwenikweni, awiriwa kucheza kwa pakamwa sakutha. Koma kadontho kobiriwira kakayaka pa dzina la Dominiko, Petronela ankadziwa kuti mbale wake ali moyo.

Ndiye kadontho kanazima. Nambala osapezeka. Mvula inagwa, inatha, inabweranso. Obwera kuchokera ku Joni akawafunsa ankangoti, "Joni ndi yaikulu, mayi."

Wochiritsa payekha sapha ngakhale khoswe. Kamunthu ka Petronela kankangoima pachipata cha mudzi wa m'gemumo ndi ndodo yake. Gemuyo imapereka mapoyinti, umasankha wekha kowaika, kaya komenyera kaya kochiritsira, ndipo ukaika waika. Petronela anayamba kuika kulupanga kuti aziyenda yekha. Koma osati onse. Limodzi uku, limodzi uko.

Kondie, wometa tsitsi pashopu yoyandikana, amasewera gemu yomweyo ndi gulu lake. Tsiku lina anasuzumira pafoni ya Petronela n'kuphulika kuseka.

"Asisi, ichi n'chiyani? Kumenya sikatha, kuchiritsa sikatha. Diresi la mkono umodzi ili. Thirani onse kulupanga, ife wochiritsa tili naye kale. Tikutengani m'gulu."

"Nanga achimwene akabwera, awachiritsa ndani?"

Kondie anangokanda mutu n'kubwerera kokameta.

Tsiku lina masana, akusoka mayunifomu a amayi a kwaya, foni ili pambali, kadontho kaja kanayaka. Singano inamubaya chala, sanamve n'komwe.

"Achimwene! Muli kuti? Mwatizunza!"

Yankho linabwera m'Chingerezi. Chingerezi amachimva, koma anaitana Kondie kuti awerengenso, mwina maso amunamiza. Kondie anawerenga motsitsa mawu. Munthuyo akuti foniyo anagula pamsika ku Joni komweko, gemu anaipeza ili momwemo. Dominiko sakumudziwa. Womugulitsayo sakumukumbuka nkhope.

"Muchotseni ameneyo, asisi," anatero Kondie. "Azingokupwetekani mtima."

Kamunthu ka Dominiko kaja kanali katavalabe chipewa chofiira chimene Dominiko anasankha yekha. Mlendoyo kusewera sankadziwa. Anathamangira chilombo ngati wamisala, kamzere ka moyo kakutsika, kakutsika. Petronela anadina, kamzere kanadzaza. Kenako anasolola lupanga n'kumaliza chilombocho yekha.

Mlendoyo analemba kuthokoza. Petronela anaika foni pambali n'kubwerera pamashini.

M'gulu la Kondie sanalowe mpaka lero, ndipo Kondie anasiya kumuitana. Kadontho kakayaka, Petronela amaimitsa mashini n'kutsatira chipewa chofiira kumbuyo, pena kuchiritsa, pena kumenya, osalemba kanthu. Mapoyinti amagawabe pakati. Amayi a kwaya akabwera kudzafunsa mayunifomu, amawauza kuti mawa, maso ali pafoni.