Makandulo ndi Babu Lofiira ku Samora

Ndinkakhulupirira, ine ndi imvi zangazi, kuti mkazi amene wamanga kale katundu ungamubweze ndi makandulo. Musandiseke msanga. Amene anandiphunzitsa zimenezi amayendetsa chigalimoto cha malasha ku Moatize, ndipo munthu wovala chisoti cha pulasitiki ndi nsapato zachitsulo kumphuno akamalankhula, ife amene sukulu tinangoinunkhiza timavomera ndi mutu.

Ine ndi mayi a ana anga tinatsika kuchokera ku Angonia ana ali aang'ono. Ine ndinapeza ntchito yaulonda, iwo anayamba kugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pamsika. Ana anakula n'kubalalika, ulonda unathera m'mawondo, tinatsala awiri m'kanyumba ka renda m'dera la Samora Machel mu Tete. Chaka chimenecho mvula inachedwa, ndipo dzuwa la Tete mumalidziwa, lija loti ngakhale mbuzi zimayenda zitatsamira khoma. Tsiku lina madzulo mayi anatula beseni lawo pakhomo, n'kunena ali chiimire:

"Bambo a ana, ine mvula yoyamba ikandipeza kwathu. Munda wa malemu amayi ukulimidwa ndi anthu ena, ine ndili kuno kuwambidwa ngati nsomba. Mukafuna tiyeni, mukapanda kufuna tsalani."

Ndinayesa nthabwala. Koma m'mawa mwake anakoka chibokosi chawo chachitsulo kunsi kwa bedi, anachimanga ndi chingwe, n'kuchiika pafupi ndi chitseko. M'chibokosimo mumakhala makapulana awo, nsalu zija mkazi amagula osati kuti avale koma kuti adziwe kuti ali nazo. Chikachoka chimenecho, ndiye kuti mwini wake wachoka.

Tsono kwathu mwamuna ndi mkamwini. Kupita nawo kunali kukakhala pamudzi wa alamu anga, nkhalamba ngati ine kumatumidwa kukafolera khola ndi anthu amene ndinawaona akuyenda opanda kabudula. Kutsala kunali kudziphikira ndekha ndi kulankhula ndi abuluzi a pakhoma. Zonse ziwiri sindinazifune. Ndinkafuna mayi akhale.

Apa ndi pamene analowerera mnansi wanga, mkulu wa chigalimoto uja, amene pabwalo pathu tonse timangomutchula kuti Vizinyu. Ndi bambo wa mimba yake, wa wotchi yaikulu ngati chivundikiro cha poto. Ali ndi akazi m'mbali zonse za mlatho waukulu wa mu Tete, ndipo panthawiyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankamulankhula. Munthu wanzeru akanayamba waona pamenepo. Ine ndinaona wotchi.

"Madala, vuto lanu ndi limodzi," anatero. "Mumapereka mphatso ngati mukubwereketsa mchere. Munawagulirapo chiyani amayiwa?"

"Poto. Ambulera. Nsapato za pulasitiki."

"Munapereka bwanji?"

"Ndinati, nayi."

Anagwira mutu ngati ndamuuza za maliro. Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa mmene anthu otsogola amachitira. Chipinda chamdima, makandulo pansi, maluwa omwazika pabedi, mtsikana akulowa n'kutseka pakamwa ndi manja onse awiri, misozi chuchuchu, asanaone n'komwe chimene chili m'bokosi. Ndinafunsa ngati wamva uthenga woipa. Vizinyu anati ayi, imeneyo ndiye supuleza, mphatso yodzidzimutsa, ndipo mkazi akalira chonchi sapita kulikonse.

"Zofunika ndi kuwala, fungo ndi nsalu," anatero, akuwerenga pazala zonenepa. "Mphatsoyo ngakhale ikhale sopo."

Mphatso yokhayo ndinaganiza ndekha, ndipo mpaka lero ndimati inali yanzeru. Munthu akudandaula kutentha, mugulire ventuinya, chimphepo chamagetsi chija choima ndi mwendo umodzi n'kumapukusa mutu uku ndi uku ngati chikukana mlandu. Mwana wathu wamkulu anandithandiza kuipeza. Ndikanangoiimika pakati pa nyumba n'kunena kuti nayi, bwenzi lero ndilibe cholemba.

Tinasankha tsiku limene mayi amachedwa kumsika podikira galimoto ya mbatata yochokera ku Tsangano. Atangotuluka, Vizinyu analowa ndi thumba. Anayamba wachotsa masikito pabedi, akuti chikondi sichilowa m'ukonde. Anazula babu lathu n'kuikapo lake lofiira, lochokera kuchipinda kwake. Analiyesa masana omwewo, nyumba yonse inaoneka ngati mkati mwa mbuzi yongotumbulidwa kumene. Iye anati, "Mwaona?" Ine ndinati ndaona.

Maluwa ananditumiza ine. Tete alibe maluwa a pafoni aja, ndiye ndinayenda mpaka kudera la Francisco Manyanga kukathothola ofiirira aja olendewera pamipanda ya anthu olemera. Mlonda wina anandiona. Tinayang'anizana, iye n'kuzindikira kuti ndine wa ntchito yake yomweyo, anangotembenuka ndi chisoni. Pofika kunyumba maluwawo anali atasanduka mfutso. Tinawamwaza pabedi choncho.

Za fungo, Vizinyu anabweretsa chitini chopopera chimene amasunga m'chigalimoto chake. Fungo lake ndi la switi yosungunukira m'thumba la mwana. Anapopera pakhoma, pansi, pamtsamiro, ndi ine yemwe anandipopera kukhosi. Ine ndinaona kuti fungo limodzi ndi umphawi, ndinawonjezera lubani amene ndinagula kwa mkulu wina pafupi ndi mzikiti. Kuti zonsezi zisathawe tinatseka zenera, n'kutsekanso mpata wa kunsi kwa chitseko ndi chiguduli. Ku Tete, mvula isanagwe, pansi pa malata.

Zinatsala nsalu. Pafoni paja panali nsalu zoterera zonyezimira. Ife tinali ndi bulangete limodzi la mphepo ya ku Angonia ndi nsalu ya pabedi yong'ambika pakati. Vizinyu anaponya maso uku ndi uku, anakaima pa chibokosi cha pakhomo.

"Umu muli chiyani?"

"Musakhudze, ndi za mayi."

"Ndiye bwino kwambiri. Akaona nsalu zawo zomwe, mtima ugunda kawiri."

Apo sananame. Ndinamasula chingwe ndi manja angawa. Munatuluka makapulana osachapidwapo, olimba ngati pepala, mizere yopindira ikuonekabe. Tinapachika ena kubisa ming'alu ya khoma, ena pazenera, ena kudenga kuti alendewere ngati tenti ya ukwati. Zopanira zitatithera, Vizinyu anapempha misomali, ine ndinamupatsa ndi mwala wokhomera womwe. Pakona panali matumba a mbatata za malonda. Iye anati mbatata zimapha chikondi, tinazifunditsa nsalu yoyera ya maluwa abuluu imene inali pansi penipeni pa bokosi.

Ventuinya tinaikulunga ndi mapepala onyezimira, pamwamba nyuzipepala, pamwamba pakenso onyezimira, n'kumanga tizingwe tofiira mfundo pa mfundo, chifukwa akuti mkazi azivutika pang'ono kuti chimwemwe chikule. Itatha inaima pafupi ndi bedi, yamutu waukulu, ngati chilombo cha gule chikudikira ng'oma. Makandulo tinawandandalika pansi mozungulira kuti apange mtima. Koma makandulo a ku Tete amafika kunyumba atafewa kale. Tisanawayatse n'komwe anali atayamba kuwerama, ndipo mtima uja unaoneka ngati phazi la ng'ombe.

Potuluka Vizinyu anandiveka jekete langa la kutchalitchi, n'kundipatsa malangizo omaliza.

"Muwatseke m'maso ndi manja polowa. Ndipo akafunsa, musanene kuti ndine. Muziti zachokera mumtima mwanu. Mukatchula ine zonse zaonongeka."

Dzuwa litalowa ndinayatsa makandulo ndi babu lofiira lija, ndinaika lubani pamakala, n'kukaima panja pa chitseko thukuta likutsikira m'masokosi. Mayi anatulukira ndi beseni pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Tsekani maso."

"Ndi beseni pamutu?"

Ndinawathandiza kutula, n'kuyesa kuwaphimba kumaso kuchokera kumbuyo monga ndinaonera. Anandimenya padzanja.

"Chotsani, manja akununkha machesi. Mwaotcha chiyani m'nyumba mwanga?"

Anakankha chitseko okha. Utsi unatilandira ngati wa uvuni wa njerwa. Mayi anatsokomola, ine ndinatsokomola, kuseri kwa khoma Vizinyu amene ankamvetsera anatsokomolanso. Ndinadikira kuti manja apite pakamwa. Manja anapita m'chiuno.

Makandulo sanawayang'ane. Chilombo chonyezimira chija sanachiyang'ane. Anapita kukhoma, anagwira kapulana wobiriwira, chala chawo n'kukapeza pamene panalowa msomali.

"Uyu ndinagula mwana wathu wamkazi atabereka mwana woyamba," anatero motsitsa mawu. Anasuntha. "Uyu anandipatsa malemu akulu anga." Anayenda choncho khoma lonse ngati akuzonda odwala m'chipatala. Atafika pakona analoza nsalu yoyera ija.

"Iyi ndinasunga kuti mudzandifunditse tsiku langa lomaliza. Inu mwafunditsa mbatata."

Ndinaloza mphatso, poti ndi chokhacho chinatsala.

"Tsegulani, mayi. Ndi yanu."

Mtsikana wa pafoni uja ankang'amba mapepala ngati galu wapeza fupa. Mayi a ana anga anakhala pamphepete pa bedi, anasesa mfutso uja ndi dzanja, n'kuyamba kumasula mfundo imodziimodzi ndi zikhadabo. Kachingwe kalikonse ankakakulunga pachala n'kukaika pambali. Pepala lililonse ankaliwongola pabondo n'kulipinda, akuti adzakulungira tomato. Thukuta linkagwa kuchibwano kwawo, kandulo imodzi inagona pansi n'kuzima yokha, udzudzu umene unapirira utsi unayamba ntchito pa akakolo anga. Ine chiimire m'jekete, ndikumwetulira monga anandiuzira, mpaka masaya anawawa.

Mutu wa ventuinya utaonekera, anaiyang'ana, n'kugogoda chitsulo chake ndi chala ngati akuyesa chivwende.

"Imagwira ntchito?"

Ndinathamanga kukailumikiza, n'kudina batani lalikulu kuti aone mphamvu. Chinthucho chinapukusa mutu kamodzi, makandulo onse anazima. Chinapukusanso, maluwa anauluka, phulusa la lubani linabalalika pabedi, makapulana a kudenga anayamba kukupiza ngati zovala pachingwe. Tinatsala m'kuwala kofiira kuja, awiri, tikuoneka ngati nyama ya pa butchala.

Utsi wa lubani utachepa ndi pamene fungo la chitini cha Vizinyu linadzuka. Ndinaona mphuno ya mayi ikugwedera. Anakweza maso kuyang'ana babu. Anayang'ana bedi lopanda masikito. Ananunkhiza mtsamiro, kenako anandikoka ndi jekete n'kundinunkhiza kukhosi.

Ine ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Titangofika mu Tete, asanayambe za msika, mayi ankachapa nsalu za pabedi pa pensau ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, nyumba zija zogona madalaivala, zimene zipinda zake amabwereketsa ngakhale masana. Ankabwera madzulo akulavula, akuti fungo la kumeneko silichoka m'manja. Mababu a kumeneko anali amtundu wanji, simufunika kuuzidwa.

"Bambo a ana. Zimenezi wakuphunzitsani ndani?"

Apa ndikanangoloza khoma, chifukwa mphunzitsi anali kuseri kwake, khutu lili pa njerwa. Koma wophunzira wabwino saiwala phunziro. Ndinaika dzanja pachifuwa.

"Palibe. Zachokera mumtima mwanga."

"Babu ili lachokera mumtima mwanu."

"Eya."

"Ndi fungoli."

"Lonse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza pomwe khoswe amalowera. Kuseri kwa khoma ndinamva chitseko chikutsekedwa mwakachetechete, kenako mapazi a nsapato zachitsulo akutalikira. Katswiri wa chikondi anakagona kwa mnzake tsiku limenelo.

Mayi anatsegula zenera. Anandiuza kuti ndizule misomali ndi dzanja, pang'onopang'ono, ndipo ulusi umodzi ukadukanso ndidziwa chimene chinameta nkhanga mpala. Anandikweza pampando kuti ndichotse babu, n'kulitenga ndi chiguduli ngati chinthu chakufa, kukaliponya kudzala. Ndinabwezera masikito. Ndinapala phula la makandulo ndi mpeni, chogwada, jekete lili pathupi. Iwo ankapinda nsalu zawo, iliyonse m'mizere yake yakale. Chakudya sitinadye.

Tinagona chofulatirana, ventuinya ikupukusa mutu kumapazi kwathu. Kunena zoona, mphepo yake inali yabwino. Ine maso anali gwa, ndikuwerengera mumtima makola a alamu anga amene ndikafolere, poti ndinadziwa kuti tsopano ngakhale mvula sadzaidikira. Ndinkayesa agona, pamene ndinamva akulankhula, nkhope ili kukhoma.

"Ku Angonia sindipita. Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi chitsiru chosadziwa kanthu, kani mumadziwa ndi mababu a ku pensau omwe. Ndikakusiyani nokha muno ndidzapeza wina atavala nsalu zanga. Kuyambira mawa muzipita nane kumsika, muzikakhala pamene ndikukuonani. Sunthirani uko, mukunditchingira mphepo."