Zotsatira za Ba Hamidu

Ba Hamidu anali telala ku Marapodi, ndipo ankati korona ndi matenda a anthu okwera ndege. M'nyengo yozizira ya 2021 anayamba kubanika. Anakawayeza, koma anamwalira zotsatira zisanatuluke. Anthu ovala zoyera anawaika m'manda osawasambitsa, mkazi wawo Hafswa ataima patali.

Patatha masiku anayi, foni ya malemuyo inalira m'thumba la jekete. Uthenga wa zotsatira zija unati alibe matendawo.

"Manje chinabapaya ni chani?" Hafswa anafunsa mlamu wake Mahdi.

Mawa lake foniyo inaliranso. Uthenga wachiwiriwo unati awapeza nawo matendawo, choncho akhale kwaokha masiku khumi ndi anayi, asatuluke. Hafswa anaizimitsa, ndipo sanaiyatsenso.