Swichi ya ku Madzimoyo

Ndagwira ntchito ya mawaya a magetsi zaka zambiri, ndipo mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Atabweretsa makina oti munthu ali mu ofesi ku Chipata azizimitsa ndi kuyatsa laini osanyamuka pampando, ine ndinanyansidwa nazo. Komatu kompyutayo imaona maswichi atsopano okha. Akale aja, okankha ndi ndodo, imawadziwa pokhapokha munthu atanena.

Lachiwiri lina tinali ku Madzimoyo, laini itafa. Pamudzi wina panali maliro a mphunzitsi wopuma, chigayo chitaima, anamfedwa akudandaula kuti khamu lonselo lidya chiyani. Ndinapita pa swichi yakale nkulumikiza mudziwo ku laini ina yoyandikana nayo. Ndinati ndikanena ku ofesi. Pobwerera ndinakangana ndi dalaivala njira yonse, nkuiwala.

Lachisanu tinapitanso ku Madzimoyo kukasintha polo la magetsi lopendekeka. Ndinaimba foni ku ofesi kuti azimitse laini. Anayankha mtsikana wa pa kompyuta, msinkhu wa mwana wanga woyamba.

"Ndazimitsa, atate, pano pakuonetsa kuti yafa. Koma yezani kaye musanakwere."

"Iwe, ndinayamba kukwera mapolo usanabadwe! Wazimitsa kapena sunazimitse?"

"Ndazimitsa. Koma chilolezo sindipereka mpaka mutayeza. Kalipani, ndikumvetsera."

Mnzanga wokwera mapolo, bambo wa ana asanu wa ku Nabvutika, anali atamanga kale lamba, akuseka. "Mdala, wakupezani mwanayu! Ndisiyeni ndikwere, dzuwa likuwawa."

Ndinatsomphola ndodo yoyezera, cholinga ndingomutseka pakamwa mtsikanayo. Nditangoifikitsa pa waya, inalira.

Wayayo anali ndi moto. Moto unkalowera kumbuyo, kudzera pa swichi yanga ya pamaliro ija. Mnzangayo anamasula lamba pang'onopang'ono, nkukhala pansi pa fumbi pomwepo.

"Walumikiza swichi ya kumunsi ndani?" anafunsa, osandiyang'ana.

Ndikanatha kunena kuti ndi a shifiti ina. Ndinazungulira galimoto kawiri, foni ikadali m'manja.

"Ndine," ndinatero, mokweza kuti ndi mtsikanayo amve.

Anandiimitsa ntchito kwa kanthawi, ndipo kunyumba sindinkakhazikika, ndimangoyendayenda pabwalo mpaka akazi anga anatopa nane. Mnzangayo tikugwirabe limodzi. Amandipatsa moni, timadyera pamodzi chinangwa chootcha, koma ndikayeza waya ine, amandilanda ndodo nkuyezanso yekha. Ndimaluma mano, nkumupatsa.